Chithuwi cha Dona

Dona, mbuzi yamkaka, inabereka Lachiwiri m'mawa, dzuwa litangoyamba kutenthetsa malata a ku Chinsapo. A Peterson Chimbalanga anamva kulira kwachilendo ali pakati posukusula, ndipo pofika kukhola anapeza kamwana kali chigonere pa udzu, kali konyowa, make akukanyambita. Kanali kamodzi kokha, kakakazi, koyera ngati make. Mkuluyo anaima pakhomo pa khola thaulo lili paphewa, nkumangoseka yekha.

Tisanamizane, a Peterson sanali mlimi. Zaka makumi atatu anazithera pa ntchito ya umesenjala m'maofesi a boma, tayi pakhosi, njinga yopukutidwa bwino. Ankadziwa bwana aliyense ndi khalidwe lake, koma za mbuzi ankati ndi za amayi a Aubrey. Amayi a Aubreywo ndiye malemu a Dailesi, akazi awo, amene analandira mbuzi yamkaka yoyamba kuchokera ku bungwe lina masiku amene kumapeto kwa Chinsapo kunali minda yokhayokha. Nthawi imeneyo nsenjere ankangomweta kudambo popanda wofunsa, ndipo khola linkafika mbuzi zisanu ndi ziwiri. M'mawa uliwonse pakhonde pankakhala timabotolo ta anthu odikira mkaka, a Dailesi ali pakati, nthabwala zili mkamwa. Lero minda ija ndi mipanda ya njerwa, ndipo m'njira imene ankadutsa ndi mtolo wa udzu mumangothamanga njinga zamoto za kabaza.

A Dailesi anamwalira miyezi inayi yapitayo. Mbuzi zina zinaphedwa pamaliro, zina mwana wawo Aubrey, amene amakhala ku Nsungwi, anagulitsa. Atafika pa Dona, a Peterson anaimirira pakhomo pa khola. "Adadi, zoweta mbuzi mutauni ndi zakale izi, mungovutika nayo," anatero Aubrey. Koma iwo anakana kwamtuwagalu. Dona inali ndi bere, ndipo anali a Dailesi eni ake amene anaikoka pachingwe kupita nayo kwa tonde wa mnansi wawo a Laws, milungu itatu asanagone pamphasa. Mbuziyo inali itakalamba, mwina uku kunali kubereka kwake komaliza. Kamwana kameneka ndiye kanali ntchito yotsiriza ya manja a akazi awo, ndipo kakanati kafe, mtundu wa mbuzi za a Dailesi ukanathera pomwepo.

Tsono pofuna kuchita zonse mwaukhondo, a Peterson anatenthetsa madzi, nkutsuka bere la Dona monga ankaonera kwa akazi awo ali chapatali. Anafinya nsonga imodzi m'kapu kuti aone. Zimene zinatuluka zinawadabwitsa. Sunali mkaka umene iwo ankaudziwa ayi. Zinali zachikasu, zolimba, zomata m'zala ngati uchi. Anakumbukira kuti pa wailesi anamvapo za matenda a bere amene amatulutsa mafinya. Kamwana kaja kanali kataimirira mwadzandidzandi, kakufufuza bere ndi mphuno. Anakanyamula msangamsanga, kukakaika m'katoni pakhonde. Kenako anakama zachikasu zija makapu awiri, nkukazikhuthulira kudzala. Kamwanako anakamwetsa madzi ofunda a shuga, nadziyamikira mumtima kuti apulumutsa moyo.

Dona inalira m'mawa wonse. Kamwana nako kankayankha m'katoni muja, koma pofika masana mawu ake anayamba kuchepa, mpaka kanangoti zii.

Ndi kulira kumeneku kumene kunabweretsa Amayi Zulekha, oyandikana nawo nyumba. Mayiwa ndi a ku Mangochi kwawo, ali ndi tiirumu kumsika, ndipo kwa zaka zambiri mkaka wa tiyi wawo ankagula kwa a Dailesi. Analowa atangomaliza swala, pemphero lawo lamasana, mpango uli kumutu, osadikira nkomwe kuti awayankhe odi.

"Bambo a Aubrey, mbuzi yanu yatiboola m'makutu chiyambire m'mawa. Kwagwanji?"

"Yabereka, Amayi. Koma zinthu sizili bwino, ili ndi infekishoni ya siriyasi. Bere lonse mafinya okhaokha."

Anawaonetsa kapu imene munatsalira madontho angapo. Amayi Zulekha anapisamo chala, kununkhiza, kenako anawayang'ana a Peterson kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwataya zochuluka bwanji?"

"Makapu awiri."

"Subuhanallah! Ndiye mwana ali kuti?"

Sanadikire yankho. Anakatulutsa m'katoni, khosi lili lende, mkamwa mozizira. Atakafikitsa kwa make kanalephera ngakhale kugwira bere. Amayi Zulekha anakwinya chitenje, kugwada m'khola, nkuyamba kukama zimene zinatsala. Mwamwayi manja a umesenjala sanathe kukama zonse, moti munatuluka pafupifupi theka la kapu.

"Khalani pansi apa, mukafungatire kuti katenthedwe. Ichi ndi chithuwi, Abambo, si mafinya. Zaka zonsezi mbuzi zikuberekera kuseri kwa nyumba yanu, inu osachidziwa chithuwi? Paja amati safunsa anadya phula."

A Peterson anakhala pa njerwa, buluku lawo losita bwino likudetsedwa ndi zitosi. Manyazi anawagwira, koma mantha ndiwo anali aakulu. Amayi Zulekha ankaviika chala m'kapu nkukapaka pa lilime, kenako kudontheza pang'onopang'ono m'mbali mwa kamwa. Pakamwa pawo napo sipanapume.

"Mbuzi kaya ng'ombe ikangobereka, mkaka woyamba umakhala chonchi, wachikasu, wolemera. M'menemu ndi mmene muli chitetezo cha mwana ku matenda, komanso umamutsuka m'mimba. Koma uyenera kulowa lero lomwe, chifukwa alangizi amati likadutsa tsiku loyamba mimba ya mwana siulandiranso bwino. Mawa muona wayamba kusungunuka, mkuja chikasu chachepa. Pofika tsiku lachinayi kapena lachisanu wayera, wasanduka mkaka wa tonsefe. Ine zinandionekerapo kutiirumu. Munthu wina anandigulitsa wa ng'ombe yongobereka kumene, nditauika pamoto poto yense anangoundana mibulu, makasitomala ali pabenchi kudikira. Kodi sipuni ya malemu anzanga ija ilipo?"

"Sipuni iti?"

"Yakuda kunsi ija."

A Peterson anakweza maso. Pamsomali wa mtanda wa khola panali sipuni yakale, yopindika chogwirira, yakuda bii ndi mwaye. Kawiri konse anafuna kuitaya posesa, koma dzanja linkakana.

"Imeneyo ndiye inali dokotala wawo," anatero Amayi Zulekha. "Mbuzi ikabereka, m'mawa uliwonse ankathira mkaka pang'ono m'menemo nkuika pa mbaula. Ukaundana, ankati ukadali wa mwana. Ukawira osaundana, ankatitumira uthenga kuti bwerani ndi mabotolo."

Apa mpamene a Peterson anakumbukira za tiyi. Chaka ndi chaka inkafika sabata imene pa tebulo pankabwera tiyi wopanda mkaka. Iwo ankakwiya. Ankagogoda kapu ndi sipuni, nkumati, "Ndiye tikuwetera chiyani mbuzi pakhomo pano? Kununkha tinunkhe ndife, mkaka amwe ena?" A Dailesi ankangoyankha mawu amodzimodzi, akupaka majarini pa buledi: "Mkaka uno uli ndi mwini wake, bambo a Aubrey." A Peterson ankaganiza kuti mwini wakeyo ndi makasitomala, ndipo ankanyamuka kupita kuntchito atatupa masaya. Madzulo ankapeza mbatata yootcha itawadikira pa mbale, mkangano nkuthera pomwepo. Anaisowa mikangano imeneyo tsopano, anaisowa kwambiri.

Anawafotokozera Amayi Zulekha zimenezi akuyesa kuseka, koma mayiwo sanaseke. Anadontheza chithuwi china, kenako anawafunsa.

"Sanakuuzeni chifukwa chake?"

"Sindinafunse."

"Ine anandiuza tili pompano, akukama agogo ake a Dona. Anati pamene anabereka mwana wanu woyamba kumudzi, Aleke, azimayi aakulu anawauza kuti mkaka wachikasu ndi woipa, aufinyire pansi. Masiku awiri mwana ankangopatsidwa madzi. Iwo anali mtsikana, akanatsutsa bwanji apongozi? Sanaloze munthu chala, ndiponso ankati imfa ndi ya Mulungu. Koma alangizi a mbuzi atawaphunzitsa za chithuwi, anabwera kunyumba nkulira tsiku lonse. Kuyambira pamenepo analumbira kuti pakhomo pawo palibe kobadwa kamene kadzalandidwe mkaka woyamba, kaya ndi ka munthu kaya ka mbuzi."

Aleke anakhala ndi moyo masiku khumi ndi awiri okha. A Peterson anali kutauni nthawi imeneyo, ndipo anafika kumudzi manda atakwirira kale. M'nyumba mwawo dzinalo silinkatchulidwa. Iwo ankayesa kuti akazi awo anaiwala, chonsecho ankalikumbukira chaka chilichonse ndi sipuni yakuda ndi tiyi wopanda mkaka, mwamuna wawo akugogoda kapu. Misozi inagwera pa ubweya wa kamwana kaja, ndipo sanaibise.

Ali chomwecho anamva kanthu kakukoka chala chawo chaching'ono. Kamwanako kanali kakuyamwa chalacho, mofooka, koma kakuyamwa ndithu.

"Basi, kafikitseni kwa make," ananong'ona Amayi Zulekha.

A Peterson anagwada, kukagwira pamimba ndi manja onse awiri, mpaka kanapeza nsonga ya bere. Dona inaleka kulira. Kamchira kanayamba kugwedera. Amayi Zulekha anaimirira, kukutumula chitenje, nanena kuti tiirumu aisiya ndi mpongozi wawo amene amathira shuga ngati ndi wa boma. Potuluka anawachenjeza kuti ngozi sinathe, akayamwitse pafupipafupi mpaka kataima pakokha.

Masiku otsatirawo a Peterson anasamukira kukhola, kunyumba ankangopita kukagona. Lachitatu anatsitsa sipuni ija pamsomali, kuthiramo mkaka, kuika pa makala. Unaundana nthawi yomweyo ngati dzira lokazinga. Lachinayi chikasu chinali chitachepa, koma unachitabe timibulu, ndipo kamwana kanatsegula m'mimba pang'ono moti mkuluyo sanadye tsiku lonse. Lachisanu kanadzuka kokha, kukayamwa popanda wokagwira. Aubrey ataimba foni kufunsa ngati akufuna awabweretsere mkaka wa m'sitolo, iwo anati ayi, sabata ino akumwa tiyi wopanda mkaka. Mwanayo anadabwa, poti ankawadziwa bambo ake.

Loweruka m'mawa anakama pang'ono m'kapu. Unali woyera mbee, wopepuka, wa fungo lija la pakhonde la masiku akale. Anauthira m'sipuni nkugwirizira pa mbaula. Mkaka unachita thovu m'mbali, unawira, osaundana. Chimwemwe chinawaiwalitsa zonse, ndipo anatembenukira kukhomo la khitchini nkufuula kuti, "Amayi a Aubrey, wayera!"

M'khitchini munali zii. Kunja kwa mpanda kunadutsa njinga yamoto, ndipo m'khola kamwana kaja kankadumphadumpha pa udzu, kakugunda bere la make ndi mutu.

A Peterson anaima pomwepo kanthawi, sipuni ili m'manja. Kenako anaipukuta, kukaikoleka pamsomali wake. Ketulo inali itawira, kapu ya mkaka ili pambali, ndipo panalibenso wowaletsa kuthira. Anayang'ana mkakawo, anayang'ana kamwana kaja, nkutenga kapu ya tiyi wawo ali wakuda choncho.

"Lero lokha umwebe ndiwe," anatero polankhula ndi kamwanako. "Uli ndi mwini wake."

Anakhala pa njerwa ija nkumwa tiyi wawo mpaka kutha, osagogoda kapu.