Mipando Iwiri Pawindo

Chimwalirireni amayi ake, Chisamba ankapita kukaona bambo ake Loweruka lililonse. Onse ankamutchula choncho poti ndiye anali woyamba kubadwa. Akafika ankasesa pabalaza, kupukuta kabati yagalasi, n'kubwezera chilichonse pamene malemuwo anachisiya: mbale zamaluwa zimene munthu sankadyeramo, tinsalu toluka pamipando, chithunzi cha ukwati pamwamba pa wailesi yakanema.

Loweruka lina atatsegula chitseko anangoti kakasi. Kabati panalibe. Makatani olemera abulauni aja anali atachotsedwa, dzuwa likulowa mpaka pakhoma, ndipo m'nyumba monse munkanunkha penti.

"Bambo, munabwera akuba muno?"

"Akuba amapenta?" anayankha bambo ake uku akuseka. "Ndapeza mayi wina wokongoletsa nyumba. Ndi ntchito yake imeneyo."

Chisamba sanaseke nawo. Bambo akewo anali munthu wovala shati imodzi mpaka kolala kuperepeseka. Za mitundu ya penti anazidziwira kuti? Ndevu nazo anali atameta bwinobwino, ndipo ankanunkhira sopo wachilendo.

Atangotuluka pageti, Chisamba anaimbira foni mlongo wake, Mzime.

"Achemwali, asiyeni madala apente nyumba yawo," anatero Mzime.

"Iwe maso ulibe eti? Lero makatani, mawa bedi, mkuja tidzamva kuti nyumba ndi ya munthu wina. Mkazi ameneyo akufufuta amayi athu pang'onopang'ono."

Lachitatu anapempha kuweruka msanga kuntchito n'kupitako osanena. Anapeza mayi wojintcha, pensulo ataitsomeka m'tsitsi, atakwera pasitulu akuyeza windo. Bambo ake anagwira nsonga ya tepi, akumwetulira ngati apatsidwa udindo waukulu.

"Achikulire, kwezani pang'ono," ankatero mayiyo. Ataona Chisamba anatsika n'kupereka moni mwaulemu.

Chisamba anangougwira moniwo ndi nsonga za zala. "Mbale za amayi anga zili kuti?"

"Zili m'katoni kuchipinda chaching'ono. Ndakulunga iliyonse payokha."

Anapita kukaona. Zonse zinalimo, popanda yobenthuka, tinsalu tija titachapidwa n'kupindidwa pamwamba. Zimenezi sizinamukhazike mtima pansi. Munthu wosamala chonchi, anaganiza, pali chimene akusaka.

Anabwerera pabalaza. "Mayi, tisazungulire. Mukufuna chiyani kwenikweni m'nyumba muno?"

"Ine? Kuti eni ake azikhalamo," anatero wokongoletsayo akukulunga tepi yake. "Sindiyamba ndi penti ine. Ndimayamba ndafunsa munthu kuti amakonda kukhala pati. Bambo anuwa anandilozera kampando ka kukhitchini, pafupi ndi sinki. Amadyera pomwepo, nyuzi amawerengera pomwepo. Ndiye ndinati, balaza lonseli ndi la yani?"

Chisamba anayang'ana bambo ake, kudikira kuti atsutse.

"Sakunama, mwana wanga," anatero iwo motsitsa mawu. "Muno ndinkangodutsamo ngati m'nyumba ya eni. Ndikasuntha kansalu kamodzi, iwe Loweruka umadzakabwezera. Ndinkasowa poyambira kukuuza."

Mawuwo anamulasa, moti anatembenuka kuti asamuone nkhope. Potembenukapo ndi pamene anaona mipando iwiri yatsopano pafupi ndi windo lina, yoyang'anizana pang'ono, pakati pake pali katebulo kozungulira.

"Munthu wokhala yekha, mipando iwiri?"

Wokongoletsa uja mwadzidzidzi anatanganidwa ndi chikwama chake. "Funso limenelo si langa," anatero. Panja panalira hutala. "Amuna anga amenewo, abwera ndi mapaipi a makatani." Anatuluka mofulumira kuposa mmene thupi lake linkalolera.

Chisamba anasuzumira pawindo. Bambo wadazi ankatsitsa mapaipi m'galimoto, mayi uja akumukalipira kuti akanda penti yake. Amenewo analidi banja, ndipo lakalekale.

"Ndiye mpando winawo ndi wa ndani, bambo?"

Bambo ake anakhala pansi, nasisita chibwano chometacho. "Kukayika wakayika bwino, koma waloza munthu wolakwika. Alipo mayi wina. Tinadziwana pamzere kuchipatala, tonse odwala kuthamanga kwa magazi. Amuna awo anamwalira kale. Anabwerapo kamodzi kuno. Atasuzumira pabalaza pano anangoti, 'Muno muli eni ake,' n'kukamwera tiyi kukhitchini ataimirira. Sanabwerenso."

"Ndiye mwachotsa amayi kuti iwowo alowe?"

"Amayi ako sanali kabati. Chithunzi chawo chipachikidwa apo, pamene dzuwa silifika, kuti chisafwifwe. Ndinasankha ndekha malowo. Koma ine ndikadali moyo, mwana wanga. Ndikufuna pokhala, ndi munthu wocheza naye."

Chisamba anatola chikwama chake n'kunena kuti abweranso Loweruka, ndipo mayi a kuchipatalawo adzawapeze pompo.

Anawapezadi. Anali mayi wochepa thupi, wa magalasi okhuthala, atakhala m'mphepete mwa mpando watsopano uja, chikwama chili pamiyendo ngati akudikira basi. Chisamba anawaunguza kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Ankatsatira kumene maso awo ankapita, kuti aone ngati akuyeza kukula kwa nyumba kapena kusuzumira kuzipinda. Koma mayiwo ankangoyang'ana makatani atsopano achikasu.

"Awawa ndiye ayi," anatero pomaliza. "Akuthobwa m'maso. Anasankha ndani?"

"Ndine," anatero bambo ake a Chisamba.

"N'chifukwa chake."

Anakangana za makataniwo mpaka chakudya kupsa, bambo akuumirira kuti chikasu chimasangalatsa mtima, mayiwo akuti chimangoitana ntchentche. Anadyera pabalaza pomwepo, atatu.

Ali m'njira, Chisamba anaimbira Mzime.

"Bwanji, achemwali, ndi mfiti?"

"Sindinawakhulupirirebe ayi. Amayankhula mosaopa kwambiri. Koma bambo adya mpaka kuonjezera."

"Ndiye basitu, asiyeni."

"Ndiwasiye? Lachitatu ndikupitanso. Ndipo iwe usawauze."