Khosi la Tambala wa Esinala

Mapiko pamadzi. Ngumbi zikatuluka m'chulu cha m'mphepete mwa mtsinje wa Mulunguzi, dziwe lonse limayera kuti mbee: mapiko akugwa, mapiko akuzungulira, mapiko akutsetsereka kulowera kumathithi. Pansi pake madzi ali bii, ozizira mobaya mafupa. Kenaka kukamwa kumatulukira, phwa! Ngumbi yapita, kamzere ka madzi n'kumakula mpaka kugombe. Alendo okwera phiri la Zomba amati n'zokongola. Esinala amangolavula.

Esinala amadana nawo mtsinjewu, ndipo sabisa. Amadana ndi phokoso lake losatha, amadana ndi nkhungu yake yonyowetsa zovala pachingwe, amadana ndi nsomba zake zamawangamawanga zotchedwa tirauti, nsomba zamatama zomwe akuti si zoponyera nyongolotsi. Koposa zonse amadana nawo chifukwa unamulanda mwamuna. Ukanakhala mkazi mnzake bwenzi ataupitira pakhomo, kuutukwana, kuung'ambira chitenje. Nanga madzi ungawang'ambe pati?

Amuna ake, a Malikebu, anapuma ntchito yodulira mitengo ya paini, koma kumtsinje sanapumeko. Nyengo amaziwerengera pa tizilombo. Chiperoni chikamawomba, m'mwamba muli zii opanda chouluka, iwo amavundukula miyala kufuna timphutsi takuda tomata kunsi kwake, n'kukulunga mbedza ndi ulusi wakuda ndi kawaya kuti imire. Masika akafika, ziwala zikamadumpha m'udzu n'kugwera m'madzi, juzi yachikasu ya Esinala imayamba kuperewera mkono. Chilimwe chikatentha, atombolombo akamagunda madzi ndi michira, nkhanga za eni ake zimaona tsoka. Amakhala pakhonde, magalasi pamphuno, kukulunga, kunyambita ulusi, kukulunganso, mpaka kambedza kasanduke kachilombo kabodza. Phiko lotuwa ndi phiko lofiirira amasiyanitsa ali patali. Koma nkhope ya mkazi wawo, kaya yakwiya kaya yadwala, kwa iwo ndi imodzimodzi.

Ndiye nsombayo akaikola? Amaigwira ngati khanda, amaichotsa mbedza, amaibwezera m'madzi. Ati ndi mmene anawaphunzitsira alendo omwe ankawanyamulira zikwama. Ndiwo yonona, ili m'manja kale, m'madzi chubwi! Kunyumba kukudikira nkhwani wa dzulo.

Zonsezo Esinala akanapirira. Chomuwawa ndi mvula yodzalira. Mvula yofewetsa munda ndi yomweyonso yotulutsa ngumbi, ndipo ngumbi zikagwera padziwe nsomba zimachita misala, a Malikebu nawo misala. Chaka ndi chaka Esinala amadzala yekha, kuwerama yekha, kukwirira yekha. Chaka ndi chaka tambala wake ndiye amalipira, poti nthenga za pakhosi la tambala n'zolimba, zimayandamitsa mbedza ngati ngumbi yeniyeni. Tambalayo si wamba. Ndi wofiira psuu, mbewu ya nkhuku za malemu mayi ake ku Malosa, ndipo watsala yekha.

Mitambo itayamba kusonkhana, Esinala anaima pakhonde n'kunena kamodzi kokha.

"Bambo a Felesiya, chaka chino chiuno changa chakana. Mvula ikagwa mugwire khasu. Mukakhudza tambala wanga n'kupita kudziwe, mudzandipeza kwathu ku Malosa."

"Ndamva, mayi," anatero a Malikebu, maso ali pa ulusi.

Mvula inabwera m'mamawa, ya ziphaliwali, yokokolola fumbi lonse la chilimwe. Fungo la dothi linadzaza m'nyumba. Itakata, dzuwa linatuluka kuti ngwee, nthunzi ikufuka m'mizere, masamba a paini akudontha. Esinala anakwera pampando movutikira kutsitsa mbewu kudenga. Mtima unali m'malo, mpaka anayamba kung'ung'udza kanyimbo.

Atatuluka, khasu linali potsamira pomwe paja. Kuseri kwa chitseko ndodo yowedzera kunalibe. Pabwalo tambala anaima mwendo umodzi, khosi lili lambalamba mbali yonse, timadontho ta magazi tikuoneka pomwe panali nthenga. Pamwamba pake ngumbi zoyamba zinali zikuuluka, kulowera kumtsinje.

Sanalire. Anatenga mpeni, anamugwira tambala, anamupepesa ndi dzina la mayi ake, n'kumudula. Madzi otentha sanatereke. Zaka zonsezi zokhala ndi munthu wa mbedza zinamuphunzitsa kuti nthenga yonyowa imamira, ndipo iye ankafuna zoyandama. Anamusosola wouma, nthenga ya paphiko, ya pamsana, ya kumchira, yotsala ya pakhosi, mpaka lichero linadzaza tho. Nyamayo anaikulunga m'masamba a nthochi n'kuiika mumtanga pamodzi ndi zovala zake ndi mbewu ija.

Njira ya kumtsinje ndi yoterera, ndipo chiuno chinkabaya paliponse popondapo. Anadutsa m'mapaini, anadutsa m'mabulosi a minga, anakwera pamwala wa kumtunda kwa dziwe. Pansi apo a Malikebu anali m'madzi olekeza m'mawondo, chingwe chikuuluka kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo. Dziwe lili mbee. Nsomba zili phwa apa, phwa apo. Pakati pa ngumbi zenizeni pankayandama kamodzi kabodza, kovala khosi la tambala wake.

Esinala anapendeketsa lichero.

Nthenga zinatsika ndi madzi ngati mankhusu a popeta, zofiira, zakuda, zobiriwira za kumchira. Zinaphimba ngumbi, zinaphimba kambedza kaja, zinaphimba dziwe lonse. Nsomba imodzi inabwera n'kukhwathula nthenga, n'kulavula. Ina chimodzimodzi. Kenaka nsomba zonse zinamira, madzi n'kungoti zii.

Anaima pamwalapo, lichero m'manja, kudikira. Ankafuna amuna ake atukule mutu. Amukalipire, amutukwane, amuloze ndi ndodoyo, chilichonse, bola amuone. Akanangomuyang'ana kamodzi, mwina mtanga uja ukanabwerera m'nyumba.

A Malikebu anavula chipewa. Anapanira ndodo kukhwapa, anawerama, n'kuyamba kuwola nthenga pamadzi. Ya kumchira ankaisiya ipite, ya paphiko ankaisiya ipite. Ya pakhosi ankaikweza kudzuwa, kuipuzira, n'kuiika m'chipewa mosamala.

Esinala anasiya lichero pamwala pomwepo, n'kusenza mtanga. Malosa ndi kutali kwa munthu wa chiuno chowawa, koma kumeneko nakonso mvula yagwa, ndipo mbewu anali nayo.

Kumbuyo kwake dziwe silinalinso mbee. Linali psuu, nthenga zikuzungulira, nthenga zikutsetsereka kulowera kumathithi. Pansi pake madzi ali bii, popanda kukamwa kotulukira. Pamwamba pake pankangoyenda dzanja la nkhalamba, likusankha.