Ulusi wa m'boti la alamu anga

Ndimapanga maboti a faiba, pulasitiki wolimba uja, ku Lifuwu. M'boti la alamu anga a Tahir ndinaikamo ulusi wakuda wodutsa magetsi, wobisika m'kati mwa faibayo. Boti likalemedwa n'kuyamba kupindika, ulusiwo umatamuka ndipo kabokosi kochenjeza kamene ndinaika kutsogolo kamalira.

Ndinawafotokozera kawiri konse, iwo akungotokosa m'mano.

"Alamu, ine ulusi ndinayamba kuugwira inu musanabadwe," anatero.

Ataona ulusi ukutulukira pafupi ndi kabokosi kaja, anachita zomwe amachita akamasoka ukonde. Anaudula, n'kuwotcha nsonga yake ndi machesi kuti usamasuke. Kabokosi sikanalirenso, ndipo iwo ankauza aliyense padoko kuti boti lawo silimva katundu.

Lachiwiri lapitali anapakira matumba a mpunga mpaka boti kudzaza. Linang'ambika pamadzi olekeza m'chiuno, anthu akuonerera.

Anandipeza atanyowa, mpunga uli m'ndevu.

"Chinthu chanu chija sichinalire," anatero.

Ndinapita kukaona nsonga yopsa ija. Anaiwotcha mwaluso ndithu.

"Alamu," ndinatero, "pa ntchito zonse za m'boti muno, imene munaigwira bwino ndi iyi yokha."