Chiwaya cha Albert

Bambo Maliko anachizindikira akadali patali. Chiwaya chatsopano chimene mkamwini wawo Albert ankakazingirapo tchipisi kunja kwa geti chinali cha ngodya zitatu, ndipo utoto wofiira wa m'mphepete unali usanapse wonse. Pansi pa mafuta owirawo pankaonekabe ana awiri ogwirana manja. Chinali chikwangwani cha pamsewu waukulu wa ku Glen Norah, chija chochenjeza madalaivala kuti apa pamawoloka ana a sukulu.

Mkuluyo anayandikira, naloza chiwayacho.

"Bambo a Chantelle, ichi mwachitenga kuti?"

"Aiwa bambo, ndagula kwa anyamata," anatero Albert uku akutembenuza mbatata. "Chitsulo chabwino ichi, sichichita dzimbiri. Nanga makombi amawerenga zikwangwani ngati?"

"Mwana wanu amawolokera pomwepo."

"Chantelle ndi wochenjera. Komanso chimene amadya chikuchokera pachiwaya pomwepa."

Tamvani zimenezo! Munthu wa ndevu zake, wovala tayi Lamulungu lililonse, kuyankha choncho popanda ngakhale kuphethira. Ndipo anthu anali pamzere, makolo a ana omwewo, akunyambita zala. Bambo Maliko ananyansidwa nawo onse. Mwana wawo Effie, mkazi wa Albert, atawabweretsera mbale ya tchipisi, anaikankhira kutali ngati muli ntchentche.

Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake anang'amba katoni, najambulapo ana awiri ndi khala. Anawo anatuluka mitu ngati maungu, koma zinalibe kanthu. Anatenga waya, nagwira mdzukulu wawo Chantelle pamkono, ulendo wa kumsewu kuti akapachike katoniyo pamlongoti wa chikwangwani.

Mlongotinso kunalibe. Ena anali ataucheka, pangotsala kachitsa kakuthwa.

Makombi, maminibasi a kumeneko, ankadutsa ngati akuthawa moto. Tiana tinaunjikana m'mbali mwa msewu, kuponya phazi, kulibweza. Bambo Maliko analavula pansi. Kenako ananyamula katoni ija pamwamba pa mutu, nalowa pakati pa msewu. Kombi ina inalira mabuleki, kondakitala anawatukwana m'Chishona, koma inaima. Ana anawoloka.

Ali kutsidya, Chantelle anacheuka, naitana agogo ake m'Chishona.

"Sekuru, mawa mubweranso?"

"Ndibwera, mwanangu, mpaka miyendoyi idzakane," anayankha akupuma movutikira. "Ine sandiba. Sindine chitsulo."