Kawaya mu Mphika wa Asidi

Wiebke Dannecker anathimitsa moto belu la tchalitchi likulira teni koloko. Kangowe kotsekera tcheni chake kanali katagwira bwinobwino. Ananyamula tchenicho ndi chopanira chamkuwa n'kukachiviika mumphika wa asidi wofunda, momwe ophunzira onse asanu ndi mmodzi ankatsukira siliva akamuwotcherera. M'menemo munali kale chibangili cha mnzake Ilka Rothfuss.

Oyesa mayeso ankayembekezeka thu koloko masana. Tcheni chimenecho chinamudyera Wiebke milungu isanu. Anakoka yekha waya wasiliva, kumukulunga, kudula timphete 140 ndi kasowo, n'kumawotcherera kamodzikamodzi mpaka zala kuchita matuza. Anasiya ntchito ya ku positi ali ndi zaka 34 kuti adzaphunzire kusula zokongoletsera zasiliva mumzinda wa Pforzheim, ndipo kampani ina yaing'ono inali itamulonjeza malo ngati akhoza mayesowa. Akalephera, malowo apita kwa wina. Mtima unali m'mwamba chidzukireni.

"Iwe, nkhope imeneyo ngati wameza ntchentche bwanji?" anatero Ilka, akumunyemera buledi wopota wamchere. "Idya. Ukakomoka pamaso pa oyesa ine sindikunyamula."

"Sizikulowa, mnzanga."

"Ndiye bweretsa. Ine mantha amandipatsa njala."

Ilka anapukuta manja pa epuloni n'kupita kukavuula chibangili chake. Anangoti chilili, kenako anakuwa.

"Mayo ine! A Kienzle! Tabwerani mudzaone!"

Chibangili chimene chinalowa choyera chinatuluka chofiira ngati soseji. Wiebke anathamangira pamphikapo n'kuvuula tcheni chake. Nachonso chinali psuu, timphete tonse.

Mphunzitsi wawo, a Hartmut Kienzle, anabwera pang'onopang'ono magalasi ali pamphumi. Anali munthu wosakalipa, ndipo n'chifukwa chake ankaopsa. Anayang'ana mumphika, anayang'ana ophunzira.

"Mwalowa chitsulo umu," anatero. "Ndakhala ndikuimba nyimbo imodzimodzi zaka zitatu. Chitsulo chikakhudza asidi ameneyu, mkuwa wonse umene wasungunukamo umamatirira pa siliva. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Ndani?"

Aliyense ankalidziwa lamulo la a Kienzle. Woipitsa mphika pa tsiku la mayeso saonetsa ntchito yake, amadikira chaka chamawa.

Ndiye maso a onse anagwera pa chinthu chimodzi. Pambali pa mphika panali chopanira chachitsulo, chokulungidwa tepi yabuluu kuchogwirira. Zida zonse za Ilka zinali ndi tepi yabuluu.

"N'chako ichi, Ilka?"

"N'changa, aphunzitsi, koma ndinangochisiya pamenepo. Sindinachiviike." Ilka anayang'ananso mumphika. "Kapena ndinaviika? Ndimafulumira. Ayi, sindikukumbuka."

Wiebke anapita pampopi kukatsukuluza tcheni chake, chifukwa manja ake ankafuna chochita. Akuchiyendetsa m'zala, china chake chinamubaya. Anayang'anitsitsa. Kunsi kwa kangowe kunakanirira kawaya kakuda, kakafupi ngati kambewu ka mpunga. Kanali kachidutswa ka waya wachitsulo amene anamangira kangoweko kuti kasasunthe powotcherera. Anali atamasula wayayo, inde, koma kameneka kanaduka n'kutsalira. Pamalo pamenepo kufiira kunali kwakukulu kuposa pena paliponse.

Anakazula ndi chikhadabo n'kukafumbata. Madzi ankatuluka pampopi, bowo la sinki lili pomwepo. Kungotambasula dzanja basi, nkhani yatha. Anachita mantha, ndipo pansi pa manthawo anamva kampumulo koipa, kakuti mlandu wapeza kale mwini wake.

"Longedza zida zako, Ilka," anatero a Kienzle kumbuyo kwake. "Ndikusakanizira mankhwala ochotsa mkuwawo, Wiebke. Tcheni chako chiyera isanakwane thu koloko."

"Zikomo, aphunzitsi," anayankha. Mawuwo anatuluka okha.

Anabwerera pampando wake dzanja lili chifumbatire. Tebulo la Ilka linali loyandikana ndi lake. Ilka, amene pakamwa pake sipankatsekeka ngakhale akuwotcherera, anali chete. Anayala nsalu yake yachikopa n'kuyamba kulowetsa matupa m'timatumba take, limodzilimodzi, akulipukuta kaye lililonse. Sanalire. Wiebke ankalakalaka akanalira, kapena kutukwana.

Kawaya kaja kankamubaya m'chikhatho. Anaganiza za kampani ija. Anaganiza za bambo ake, amene ankati kusiya positi n'kupenga. Anadziuza kuti Ilka ndi wamng'ono, chaka chimodzi si kanthu kwa iye. Anadziuzanso kuti mwina chopanira chija chinalowadi mumphika, ndani akudziwa? Koma iye ankadziwa.

Ilka anakulunga nsalu ija, anamanga chingwe, anavula epuloni.

"Ukhoze, wamva?" anatero chapansipansi. "Usandichititse manyazi."

Wiebke anaimirira, mpando n'kugwa chagada. Anapita patebulo la a Kienzle n'kutambasula dzanja. Kawaya kanali katasiya kadontho ka magazi.

"Ndakapeza kunsi kwa kangowe kanga. Si Ilka."

A Kienzle anatsitsa magalasi, anakatola ndi nsonga ya chala, anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ukudziwa tanthauzo lake?"

"Ndikudziwa."

"Tcheni chako n'chabwino kuposa zonse zimene ndaona chaka chino. Zikundiwawa, koma lamulo silisintha chifukwa chakuti lagwera amene ndimamudalira." Anatembenuka. "Ilka, vala epuloni. Nthawi ilipo yochepa."

Mankhwala a a Kienzle anachotsa kufiira kwambiri, koma m'timakona ta chibangili munatsalabe. Panafunika kukwecha ndi kabulashi ndi sopo, kenako kupukuta mwatsopano. Wiebke sanapite kunyumba. Anakhala pafupi ndi Ilka, wina akukwecha mbali iyi, wina mbali iyo. Tcheni chake anachiika m'kabati chili chofiira chomwecho.

Anakwecha mpaka wani koloko itadutsa. Kenako Ilka anati, osadzutsa mutu, "Ndiwe chitsiru, ukudziwa? Ukanangokhala chete palibe akanadziwa. Ngakhale ine ndinali nditakhulupirira kuti ndine."

"Ndinakhala chete," anatero Wiebke.

"Ukutanthauza chiyani?"

"Ndinakapeza nthawi ija ndili pampopi. Ndinakuonerera ukulongedza matupa ako onse."

Dzanja la Ilka linaima. Anamuyang'ana mnzakeyo ngati akumuona koyamba. Wiebke anadikira kutukwanidwa, ndipo akanakulandira. Koma Ilka anangokoka chibangili chija pang'onopang'ono n'kuchiika mbali yake ya tebulo.

"Kotsalaku ndimaliza ndekha," anatero.

Wiebke anatsuka kabulashi, anakaika pamalo pake. Potuluka anakumana ndi oyesa atatu pamasitepe, mafayilo ali kukhwapa, ndipo anawapatukira kuti adutse.