Mwendo wa Sofiya

"Njingayo ibwerere m'nyumba," anatero a Tahiru. "Bambo ako tawaika dzulo lomweli, lero ukuti upite ku Boma?"

Sofiya anaima pakhomo atatsamira ndodo, mwendo wakumanzere uli m'bandeji. Unathyoka chaka chatha, lole imene anakwera pochokera kumsonkhano wachipani itagubuduzika cha ku Mwadzama. Fupa linaboola khungu, matope n'kulowa, ndipo bala linakana kupola. Madokotala anayamba kukamba zodula. Bambo ake, a Fakiri osoka nsapato pamsika, anakana kwamtuwagalu. Anavuta mpaka mafinya anatumizidwa ku Lilongwe, komwe anapezamo kachilombo kosowa. Madokotala anapala fupa lowolalo, nalamula jakisoni tsiku lililonse kwa masabata asanu ndi limodzi. A Fakiri ndiwo ankamupalasa panjinga kupita naye kuchipatala cha ku Boma. Mtima wawo unaima kutatsala jakisoni khumi ndi awiri.

"Malume, adokotala anati ndikadumphitsa, kachilomboko kadzuka. Adula."

"Tsiku limodzi lokha? Anthu adzati chiyani? Dikira sadaka ya tsiku lachitatu ipite."

A Madina, amayi ake, anayankha ali kuseri kwa katani, poti namfedwa saonekera pabwalo.

"Achimwene, wosatuluka miyezi inayi ndine. Lamulo limenelo ndi langa, si la mwana. Malemu ankapalasa njingayo ngakhale m'mwezi wa Ramadhani, kukhosi kutauma gwa. Dzulo taika munthu, mukufuna mawa tikaike mwendo?"

A Tahiru anayang'ana azibambo amene anakhala pamkeka. Palibe anawathandiza. Anapinda mkanjo wawo mpaka m'mawondo.

"Kwera. Koma ndinenetu, ine si Fakiri. Pachitunda utsika."

Pachitundapo amene anatsika anali a Tahiru, n'kumakankha njinga thukuta lili kamukamu. Munthu wa pakamwa chabe ameneyo, mtima ngwa mwana. Anang'ung'udza masiku khumi ndi awiri onse, osaphonya ngakhale limodzi.

Pofika sadaka ya masiku makumi anayi, bala linali litauma. Adokotala anayang'ana chithunzi cha fupa kawiri, nati lagwirana. Mwendowo unangofupika pang'ono. Sofiya analira ndi chimwemwe, ndipo zinamuwawa kuti amene anaumenyera nkhondo sanauone.

M'mawa wa sadakayo, a Madina anamuitanira kuchipinda n'kumupatsa phukusi la nyuzipepala. Munali nsapato zachikopa, zosokedwa pamanja. Yakumanzere inali ndi chidendene chochindikala, cha tayala, chokwera zala ziwiri.

"Anasoka madokotala akukambabe zodula," anatero amayi ake. "Ankakuyeza ndi kachingwe ukagona, n'kundiletsa kukuuza."

Sofiya anavala. Mapewa ake analingana. Anaimika ndodo pakona, nanyamula beseni la madzi ndi manja awiri, n'kutuluka kukasambitsa alendo m'manja.