Firiji Pampando wa Kutsogolo

Kagalimoto kanga anthu amakaseka, ndipo ine ndinasiya kalekale kukaikira kumbuyo. Anzanga pamsika pomwe ndimakonza mafiriji amakatcha kabokosi ka machesi. Asiyeni aseke. Mafuta kamangonyambita. Pamene a magalimoto akuluakulu akuzungulira kufuna poimika, ine ndalowa kale pakati pa polo ya magetsi ndi khoma, ndatseka chitseko. Kakadwala, makanika aliyense wa m'mbali mwa msewu amakadziwa matenda ake. Koma kuchepa kokha n'kochepadi. Munthu wamtali akakhala kumbuyo mawondo amafika m'makutu, ndipo mu buti mukaika bokosi la zida ndi botolo la gasi, basi mwadzaza. Zimenezi sizinkandivuta chifukwa ndimakwera ndekha.

Mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo, atapeza ntchito ya unamwino pachipatala china chakutali, ulendo wa maola anayi, ndinamuimbira foni kumupempha kuti ndikamutule ndine. Ndinachita kupempha ndithu, chifukwa ine ndi mayi ake tinasiyana iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo wolakwa ndinali ine, ndisaname. Kuchokera pamenepo ndinkamuona pamaliro, pa ukwati wa achibale, mwina pageti la sukulu, mphindi khumi zokha anthu ali pomwepo. Awiriwiri sitinakhalepo. Maola anayi amenewo ndi amene ndinkafuna: iye pampando wa kutsogolo, popanda wotimvetsera, ndimuuze kuti ndinalakwa ndipo andikhululukire. Ndinamutsina khutu kuti ndili ndi zoti tikambirane panjira. Mawuwo ndinawayeserera sabata yathunthu uku ndikuwotcherera mapaipi.

Anavomera. Anati mwamuna wa mayi ake anadzipereka kale kuti amutula pa chigalimoto chake chachikulu, koma palibe vuto, apita ndi ine bola katundu akwane.

Bola katundu akwane.

Ndinali nditamukonzera mphatso, firiji yofika m'chiuno imene ndinaigula yakufa n'kuidzutsa ndekha. Kompuresa yatsopano, labala wa pachitseko watsopano, penti yoyera mbee. Loweruka m'mawa ndinaituma pa njinga ya katundu kunyumba kwa mayi ake, ine n'kutsatira. Ndinapeza katundu ali mbwee pakhonde: masutikesi awiri, matiresi, ndowa yodzaza mapoto, katoni ya mabuku, fani, thabwa lositira. Bambo wa panyumbapo, mwamuna wa mayi ake uja, anatuluka atavala masilipasi, kapu ya tiyi ili m'manja. Anayang'ana katunduyo, n'kuyang'ana kagalimoto kanga. Ndi munthu waulemu, ndipo n'chimene chimandinyansa pa iye. Ananena mofatsa kuti mwina firijiyo tiigoneke kumbuyo, zinazo zikhale pamwamba pake.

Ndinamuyankha kuti firiji siigonekedwa. Ukaigoneka, mafuta a mu kompuresa amatsikira m'mapaipi, mawa lake anthu n'kumati amisiri ake ndi abodza. Zaka makumi atatu ndili pantchito imeneyi, munthu wa muofesi andiphunzitse kunyamula firiji?

Ndinapinda mipando ya kumbuyo n'kuyamba kulongedza. Pa zolongedza, abale, sindifuna wondithandiza. Matiresi ndinawakulunga n'kuwamanga ndi chingwe, masutikesi pansi, mabuku pakati, mapoto ndinawatulutsa mu ndowa n'kuwalowetsa m'mipata. Firiji yokha inakana. Kumbuyo denga n'lotsika, inkatsala zala zinayi kuti iime. Ndinayesa mbali iyi, mbali iyo, thukuta lili kamukamu, bambo uja ali chiimire ndi kapu yake. Kenako nzeru inabwera. Ndinatenga sipanala, kumasula mabawuti anayi, kutulutsa mpando wa kutsogolo n'kuutsamiritsa pampanda. Firiji inalowa n'kuima chilili ngati inabadwira pomwepo. Ndinaimanga ndi lamba, kutseka zitseko zonse, n'kutembenuka ndikupukuta m'manja kuti onse aone.

Mwana wanga anali ataima pamasitepe, kachikwama kali paphewa, akuyang'ana mpando uja pampanda.

"Bambo, nanga ine ndikhala pati?"

Palibe anaseka. Bola akanaseka. Ndinati nditsitsa firijiyo, ndidzaibweretsa tsiku lina, koma kuti mpando ubwerere ndinayenera kusuntha masutikesi amene anali atatsekera mabawuti akumbuyo, kutanthauza kumasula zonse. Mayi ake anayang'ana wotchi n'kunena kuti wopereka makiyi a nyumba za anamwino Loweruka amaweruka msanga, ola lathunthu latha kale ndi kulongedza kwanga. Mwamuna wake anati palibe chovuta, iye amutengako mwanayo, ine ndibwere ndi katundu.

Apa ndi pamene ndimadzida. M'chigalimoto chake firiji ikanaima bwinobwino, malo n'kutsalako. Ndinaziona ndi maso angawa. Kunali kungoti, achimwene, nyamulani firijiyi inu, mwanayu akwere ndi ine. Mphindi zisanu zokha. Koma ndinali nditangomuuza kumene munthuyo kuti sadziwa kanthu. Ndinangoti chabwino. Mayi ake ataona kuti malo alipo, anathamangira m'nyumba kukasintha nsapato kuti nawonso apite.

Ananditsatira mpaka potulukira m'tauni. Pachitunda choyamba kagalimoto kanga kanayamba kulira, giya yachiwiri, phazi lili pansi, liwiro la munthu wokankha wilibala. Anandipitirira. Mwana wanga anandibayibitsa pawindo la kumbuyo, ndipo sindinawaonenso. Malole akamadutsa kankagwedezeka konse, pa mahampu pansi pake pankakhula chifukwa cha kulemera. Kumanzere sindinkaona chilichonse, firiji itatseka galasi. Pena ndinkayamba kulankhula mawu anga aja mokweza, koma ndikafika pakati ndinkachita manyazi. Muvi wa mafuta sunasunthe n'komwe, ndipo panalibe woti ndimuuze. Sindinasungulumwepo chotero chibadwire.

Ndinafika patapita ola ndi theka iwo atafika. Makiyi anali atatenga, chipinda atasesa, anzake awiri okhala nawo nyumba atadziwana nawo kale. Manja anali ambiri, ndiye katundu amene ndinamulongedza ola lathunthu anatsika m'mphindi khumi. Firiji tinaiimika pakona ya kukhitchini. Anzakewo anaiyamikira, mmodzi mpaka anafunsa ngati ndi yatsopano. Anandipatsa madzi akumwa, ndinamwa chiimire.

Mayi ake anati ndinyamuke kudakali kowala, popeza galimoto yangayo ndi yoyenda modekha. Mwana wanga anandiperekeza panja. Enawo anatsala pakhomo, patali poti sangamve bwino, koma ankatiyang'ana. Ndinalowa n'kutsitsa galasi. Iye anagwira chitseko ndi manja onse awiri n'kuwerama.

"Pafoni paja munati muli ndi zoti mundiuze panjira."

Sanaiwale. Ankandiyang'ana m'maso, osathamanga, ndipo ndinaona kuti wakhala akuzidikira, mwina osati sabata imodzi yokha. Mnzake wina anaitana pawindo kufunsa koika fani, iye osacheuka. Ndinatsegula pakamwa.

"Firiji ija usaiyatse lero. Iime kaye mpaka mawa, mafuta akhazikike."

"Ndi zomwezo, Bambo?"

"Ndi zomwezo, mwana wanga."

Anadikirabe pang'ono, manja ali pachitseko. Kenako anawachotsa, anati ndiyende bwino, n'kubwerera m'nyumba kukaona za fani.